Chinsinsi cha 293

Mumsewu wa okonza mafoni ndi makompyuta, munali mtsikana amene aliyense ankamutcha Nyerere, chifukwa ntchito yake inkayenda kambewu kamodzikamodzi. Amisiri ena ankasintha manambala khumi oyendetsera kompyuta nthawi imodzi n'kuyatsa makina kuti aone ngati apirire. Iye ankasintha nambala imodzi yokha, n'kuilemba m'kope lake lachikuto chobiriwira, n'kupinda manja kudikira. Dzinali linachokera kwa amalume ake, eni kashopu kamene ankagwiramo ntchito, ndipo chotuluka pakamwa pa amalumewo chinkamata ngati ulimbo.

Mwezi umenewo Nyerere anali ndi ntchito imodzi yokha pamtima. Situdiyo ina yopanga makatuni inkafuna katswiri woti azisamalira makompyuta ake. Mayi woyang'anira situdiyoyo sanafune kuona masatifiketi. Anagula mapulosesa awiri ofanana, amene ali ubongo wa kompyuta, ndi timatabwa ta memori tofanana, n'kugawira mashopu awiri: kashopu ka amalume, ndi shopu yaikulu ya kutsidya kwa msewu, imene mwini wake ankatchedwa Wamagalasi chifukwa khoma lake lonse lakutsogolo linali galasi. Aliyense amange kompyuta, aithamangitse kupitirira muyezo wa kufakitale, Loweruka abwere nayo. Imene imalize msanga kuumba filimu yoyeserera, osakomoka panjira, mwini wake watenga ntchito.

Koma Loweruka lomwelo linasenzanso nkhani ina. Milungu itatu m'mbuyomo, Liwiro, wa njinga yamoto amene ankaperekera zipangizo m'mashopu onse a mumsewuwo, anali atamufunsira ukwati. Anafunsira ataima pakhomo, chipewa cha njinga chili m'khwapa, injini ikulira panja chifukwa anaiwala kuizimitsa. Nyerere anati, "Undidikire mpaka tsiku la mayeso. Ndidzakuyankha komweko." Yankho anali nalo kale. Ankangofuna kulipereka m'njira yakeyake.

Lachitatu masana Liwiro anabwera ndi katoni ya mabatire, n'kuiwala kuchoka.

"Koma iwe Nyerere," anatero atawerama pa sikirini, "pabokosi la memoriyi alemba 4400. Iwe waiika pa 3800. Anthu akupatsa hatchi, iwe ukuiyendetsa ngati bulu."

"Ukunditchinga."

"Ndikufunsa zoona. Mpikisanowu ndi wothamanga, si choncho?"

Nyerere anaika pensulo pansi. "Memori ili ngati munthu wotumidwa. 4400 yakoyo ndi miyendo yake. Koma palinso manambala ena awa, matayimingi. Amenewa ndi makutu ake: pulosesa ikaitana, papita kanthawi kotani kuti memori iyankhe kuti wawa. Ukaithamangitsa kwambiri miyendo, uyenera kumasula matayimingi, apo ayi imagwa. Ndiye umakhala ndi wothamanga woti ukamuitana amayamba wayasamula kaye."

"Ndiye iwe wasankha nkhalamba yomva msanga."

"Ndasankha pamene awiriwo akuponda limodzi. Kupitirira 3800, pulosesa iyi imasiya kuyendera pamodzi ndi memori. Zili ngati anthu awiri onyamula tebulo, wina n'kuyamba kuthamanga yekha."

Amalume, amene ankawotcherera waya pa foni ya kasitomala kuseri kwa kauntala, sanadzutse n'komwe mutu. "Akamwini, mwamva? Phunziro limenelo si la kompyuta ayi. Akukuuzani inuyo."

"Amalume, ine milungu itatu ndadikira. Mumsewu muno mulibe wa matayimingi omasuka kuposa ine."

"Milungu itatu? Ine mayi a kunyumba anandidikiritsa mpaka malezala anakwera mtengo kawiri."

Onse anaseka. Kenako Liwiro anatambasula chala n'kukhudza kanthu kena m'kompyutamo. Pamwamba pa timatabwa ta memori panali kafani kakale kochotsedwa m'makina akufa, komangidwa ndi kachingwe kofiira kamene Nyerere ankamangira tsitsi.

"Nanga kanyansi aka? Loweruka upita nako pamaso pa anthu?"

"Kasiye."

"Kwa Wamagalasi makina awo ali ndi khoma lagalasi, magetsi amitundumitundu mkati. Iwe ukupita ndi kachingwe ka tsitsi."

"Ndati kasiye," anatero Nyerere akumwetulira, n'kumumenya dzanja ndi pensulo.

Chimene Liwiro sankadziwa chinali pansi penipeni pa tsamba lomaliza la kope lija. Memori ndi chinthu choiwalaiwala. Kuti isataye zimene yasunga, imaima pafupipafupi n'kudzikumbutsa, ndipo pali nambala imene imanena kutalika kwa kaimidwe kameneko. Nyerere ankaitcha nambala ya mpumulo. Ikachepa, makina amafulumira, koma memori ikatentha imayamba kusokoneza zinthu. Amisiri amaikapo manambala ozolowereka, 288, 304, 320. Nyerere anali atayesa 288 kwa masiku awiri athunthu ndipo inagwira bwinobwino. Komabe anaifufuta n'kulemba 293.

Pa 29 Malichi chaka chathacho, mvula inagwa masana onse, ndipo munthu wina wonyowa ngati nkhuku analowa m'kashopumo kudzausa, atavula jekete n'kufunditsa katoni ya makiyibodi m'malo modzifunditsa yekha. Munthuyo anali Liwiro. Tsiku la 29, mwezi wachitatu. Nyerere analolera kutaya tizidutswa tisanu ta nthawi, tosaoneka ndi maso, kuti tsikulo likhale pamtima pa makina ake. Loweruka, mayeso akatha, adzamuitana Liwiro, adzaloza nambalayo pa sikirini n'kumufunsa kuti, ukuidziwa iyi? Akadzaizindikira, limenelo lidzakhala yankho. Sanauze munthu, ngakhale amalume. Ankangoiyang'ana nambalayo m'mawa uliwonse poyatsa makina, ngati munthu woyang'ana kalata imene sanaitumize.

Lachinayi anatuluka kukagula mankhwala oziziritsa opaka pa pulosesa. Pobwera anapeza kope lili pamalo pake m'dirowa, koma pensulo ili pambali. Iye nthawi zonse ankaisiya mkati, pa tsamba lomaliza.

"Amalume, mwagwira kope langa?"

"Ine ndi maso angawa? Manambala akowo ndimawaona ngati nyerere zinzako. Akamwini ndi amene anadutsa. Anakhala pampando wakowo pang'ono, kenako ati katundu wachuluka."

Nyerere anaopa, koma anaopa chinthu cholakwika. Anaopa kuti Liwiro waona 293 n'kuizindikira, chinsinsi chaululika nthawi isanakwane. Kenako anadziseka yekha. Munthu wosapirira uja, anaganiza, wabwera kudzasuzumira yankho lake ngati mwana wovundukula mphatso tsiku lisanafike. Madzulo ake anaona njinga ya Liwiro itaima pakhomo pa Wamagalasi. Inali pomwepo pamene ankasesa, inali pomwepo pamene ankatsitsa chitseko chachitsulo. Kusiya katundu sikutenga nthawi yotero. Wamagalasi ndi wolongolola, anadziuza choncho, n'kumapita kwawo.

Lachisanu Liwiro sanabwere. Anangotumiza uthenga pafoni: Mawa ndi mawa, Nyerere wanga.

Chipinda cha mayeso chinali pansanjika yachitatu, cha mawindo aakulu osatseguka, dzuwa la m'mawa likulowa lonse. Matebulo awiri anali atayang'anizana. Nyerere ndi amalume anakwera masitepe atanyamulizana kompyuta yawo yopanda chivundikiro cha m'mbali, kafani kakugwedezeka pa kachingwe kake. Amalume anafika pamwamba akupuma ngati mvukuto.

Wamagalasi anafika mochedwerako, manja ali m'matumba, fungo la perefyumu lili patsogolo. Kumbuyo kwake kunali Liwiro, atakumbatira kompyuta yagalasi mmene anakumbatirira katoni ija tsiku la mvula. Anali atavala malaya atsopano abuluu, ofanana ndi amene antchito a kutsidya ankavala.

"Andipempha kuti ndiwanyamulire basi," ananong'ona podutsa, maso ali pa katundu.

"Ndi malaya omwe akupemphani kuti muwanyamulire, akamwini?" anafunsa amalume.

Liwiro anapitirira n'kukaika kompyutayo patebulo.

Mayi wa situdiyo anali wamfupi, wa mawu ochepa. Anati asanayambe, aliyense aonetse manambala ake pa sikirini yaikulu ya pakhoma kuti awajambule. "Sindikufuna matsenga," anatero. "Ndikufuna zinthu zoti ndikhoza kudzazibwereza mawa." Anayamba ndi Wamagalasi.

Nyerere ankayembekezera kuona 4400, chifukwa kutsidya ankakonda manambala aakulu oti kasitomala atsegule pakamwa. Pakhoma panatuluka 3800. Chabwino, anaganiza, aliyense woyesa mofatsa akhoza kufika pamenepo. Kenako 14, 15, 15, 30. Tsamba linapitiriza kutsika, manambala ang'onoang'ono akudutsa, ndipo iliyonse ankaidziwa nkhope, ankakumbukira masana amene anaipeza. Mphamvu ya magetsi inali yomweyo. Ndipo pansi penipeni, pakona, panali 293.

Phokoso la m'chipindamo linapita kutali, ngati wamiza mutu m'madzi.

"Milungu iwiri ya thukuta, mayi," anatero Wamagalasi akusisita chibwano. "Nambala iliyonse apa ili ndi mbiri yake."

Itafika nthawi ya Nyerere, manja ake anachita okha ntchito. Mayi uja anayang'ana khoma, n'kuyang'ana chithunzi cha pafoni yake, n'kuyang'ananso khoma.

"Manambala anu akufanana ngati mapasa. Ndani wakopera mnzake?"

Wamagalasi anakweza mapewa. "Zipangizo zofanana, mayankho ofanana. Kapena mufunse a shopu yaing'onowo. Zenera lawo limayang'ana kwathu tsiku lonse."

Amalume anadzuka pampando, koma Nyerere anawagwira mkono. "Mayi, ndipatseni mphindi zisanu."

"Tengani khumi. Amene akufuna kusintha kanthu asinthe, kenako tiyamba."

Nyerere anadutsa pafupi ndi Liwiro osamuyang'ana. "Tuluka," anatero.

Anaima m'kanjira ka panja pa chipindacho, pafupi ndi thanki ya madzi akumwa. Chitseko chinali ndi kagalasi pakati, moti matebulo onse awiri ankaoneka.

"Unatsegula kope langa."

"Iwe Nyerere, usayambe. Abwana anena kale, zipangizo ndi zofanana. Aliyense woyesa bwino afika pomwepo."

"Abwana." Analibwereza liwulo pang'onopang'ono, ngati akulilawa. "Chabwino. Nanga 293 anaipeza bwanji abwana akowo?"

"Anayesa. 288 inkagwa, 304 inali yochedwa, ndiye anatenga ya pakati."

"Pakati pa 288 ndi 304 ndi 296."

"Ndiye chiyani? Ndi nambala chabe."

"Igawe pawiri. 29, kenako 3."

Liwiro anakwinya nkhope, milomo ikuyenda ngati mwana wa sukulu amene wamuimika pabolodi. Nyerere anadikira. Ngakhale pamenepo, kamtima kena kopusa mkati mwake kankamupempherera kuti aipeze. Thanki ya madzi inalira kuti gubudu, thovu likukwera. Sanaipeze.

"Kunagwa mvula," anatero Nyerere. "Unalowa ndi katoni ya makiyibodi. Amalume anakubwereka kansalu kopukutira masikirini kuti upukute kumaso."

Anaona nkhope ya Liwiro ikusintha, kuyambira m'maso kutsikira kukamwa.

"Ndinabisa tsiku limenelo m'makina kuti lero ndikuonetse. Limenelo linali yankho lako. Unalijambula ndi foni n'kukalipereka kutsidya usanaliwerenge n'komwe."

Liwiro anatsamira khoma.

"Ndimvere," anatero kenako. "Anandilonjeza ntchito yokhazikika, ya m'shopu, ndisiye njinga. Ndinachitira ife tonse. Mwamuna wa katswiri angakhale wonyamula makatoni mpaka liti? Ndinaganiza kuti iwe ndiwe waluso, ukaluza pano upeza pena. Ine mwayi wanga ndi uno wokha."

"Ukanandipempha."

"Ukanandipatsa?"

Nyerere anafufuza mumtima mwake moona, ndipo chimene anapezamo chinamupweteka kuposa zonse. "Ukanadikira masiku awiri, mwina ndikanakupatsa kope lonse."

Anaganiza kuti tsopano apepesa. Anamuona akuyang'ana kuchitseko, akusendera pafupi n'kutsitsa mawu.

"Dzulo tinaiyesa. Inakomoka kamodzi patatha theka la ola. Abwana akuti ndinakopera molakwika, koma ndinayang'ana kawirikawiri, zonse zili ndendende. Pali chimene sunalembe? Ndiuze, Nyerere wanga. Ikakomokanso lero, malayawa andivula."

Kudzera pakagalasi ka chitseko, Nyerere ankakaona kafani kake, kachingwe kofiira kakunjenjemera ndi mphepo yake. Kutsidya kwa tebulo kunali kompyuta ina ija, yotsekedwa mbali zonse, dzuwa likuiwomba pagalasi. Memori yofinyidwa chotero siipirira kutentha. Zimenezo sanazilembe m'kope chifukwa sizinali nambala, zinali pamaso pa aliyense, ndipo munthu uyu anazikhudza ndi chala chake n'kuzitcha kanyansi. Mawu atatu okha akanamupulumutsa: memori ikufuna kafani. Nyerere anawamva akufika pa lilime, chifukwa chaka chathunthu lilime limenelo linazolowera kumuthandiza.

"Zonse zimene ndinalemba uli nazo," anatero, n'kutsegula chitseko.

Anakhala pampando wake, n'kutsika mpaka pansi pa tsamba la manambala. Anafufuta 293. Analemba 288.

Amalume anawerama. "Mwanawe, imeneyo unaiyesa?"

"Masiku awiri."

"Nanga unaisiyiranji?"

"Ndinali ndi chifukwa, amalume. Chatha."

Amalume anamuyang'ana, n'kuyang'ana Liwiro amene ankalowa mwakachetechete ngati wochedwa kutchalitchi. Anangokokera mpando wawo pafupi ndi wa mwana wa mlongo wawo.

Mayi uja anawerenga mpaka katatu, ndipo makina onse awiri anayamba. Pakhoma panatuluka mizere iwiri, uliwonse ukukula pang'onopang'ono pamene zithunzi za filimu zinkaumbika. Kwa theka la ola mizereyo inayenda ngati yomangirirana, wa Nyerere uli patsogolo ndi kachala kokha. Dzuwa linakwera. Wamagalasi anavula jekete. Amalume ankadzikupiza ndi chivundikiro cha katoni. Nyerere sanayang'ane khoma. Anaika dzanja pafupi ndi kafani n'kumamva kamphepo kofunda kakudutsa pakati pa zala zake.

Pa mphindi ya 41, nkhope ya kamtsikana ka m'katuni pa sikirini ya Wamagalasi inang'ambika ndi mizere yobiriwira. Chithunzi chinauma. Mafani analira mokweza, kenako sikirini inada. Mkati mwa galasi, magetsi aja anapitiriza kusinthasintha mitundu mokongola ngati palibe chachitika.

Wamagalasi anatembenukira kwa Liwiro, nkhope ili thukuta lokhalokha. "Iwe, si unati wajambula tsamba lonse?"

Mawuwo atatuluka, anazindikira kuti atuluka pamaso pa ndani. Mayi wa situdiyo anangolemba kenakake m'kabuku kake n'kubwezera cholembera m'thumba.

Mzere wa Nyerere unafika kumapeto. Amalume anaomba m'manja okha, kawiri katatu, n'kusiya ataona kuti mwini wake sakuseka. Mayi uja anabwera n'kumugwira chanza.

"Lolemba, eyiti koloko. Ndipo kafani kameneko mubwere nako."

"Zikomo, mayi."

Kwa milungu itatu anali atalota mphindi imeneyi kambirimbiri. M'malotomo dzuwa linkakhala lomweli, chipinda chomwechi, ndipo ankatembenuka kuti aitane munthu mmodzi. Tsopano anangokhala pansi n'kuyamba kukulunga mawaya.

Wamagalasi anali atatsika kale, atasiya kompyuta yake patebulo kuti wina ainyamule. Liwiro sanaikhudze. Anabwera n'kuima kumbali kwa tebulo la Nyerere, akupotokola batani la malaya abuluu aja.

"Nyerere," anatero motsitsa. "Yankho lija."

Nyerere anali asanazimitse makina. Anatsegula tsamba la manambala, n'kutsika mpaka pansi, n'kutembenuzira sikirini kwa iye. Sanaloze ndi chala. Liwiro anawerenga 288, ndipo ulendo uno anamva msanga.

Atachoka, Nyerere anazimitsa kompyuta. Anamasula kachingwe kofiira, n'kuika kafani m'thumba la siketi, n'kumanga tsitsi lake. Anatsegula kope pa tsamba lomaliza. Nambala yakale inali pomwepo, yolembedwa mosamala kuposa zinzake zonse. Anaidula ndi mzere umodzi, monga ankachitira ndi nambala iliyonse imene yayesedwa n'kugwa, n'kusiya pensulo mkati.

"Gwirani uko, amalume."

Ananyamulizana kompyuta n'kuyamba kutsika. Pansi pa nyumbayo injini ya njinga inalira, n'kukhala ikulira pamalo amodzi kwa nthawi yaitali.

"Pang'onopang'ono," anatero Nyerere, maso ali pa masitepe. "Phazi lanu litsike limodzi ndi langa."